Buku la Harry Johnston likawerengedwa ku Lifidzi

Buku la British Central Africa lidatuluka ku London m'chaka cha 1897, mlembi wake Sir Harry Johnston atangotula kumene udindo wolamulira dziko limene lero ndi Malawi. Ndi buku lalikulu, la masamba oposa 500, ndipo zithunzi zambiri za m'menemo adajambula ndi dzanja lake. Muli mitu ya mapiri ndi mitsinje, ya zomera, ya nyama, ya amishoni, ya malonda a akapolo, ya miyambo ya anthu ndi ya zilankhulo zawo. Silidalembedwe ngati mbiri ya moyo wa munthu, komabe woliwerenga mpaka kumapeto amatsala akudziwa Johnston kuposa china chilichonse. M'mitu ya mbiri iye ndiye wofika, woona, woweruza ndi wopambana, ndipo iye yemweyo ndiye mboni yofotokoza mmene zidayendera.

Buku la Chingerezi la zaka zoposa 120 likadangokhala nkhani ya akatswiri a mbiri chikhala kuti mthunzi wake sufika m'makalasi a ku Angónia. Maphunziro a zilankhulo ziwiri adayesedwa koyamba ku Mozambique pakati pa 1993 ndi 1997 m'pulojekiti ya PEBIMO, Chinyanja m'chigawo cha Tete ndi Chichangana m'chigawo cha Gaza, ndipo kuyambira 2003 adalowa m'sukulu za boma. Dongosolo la maphunziro a pulayimale limasiyanso gawo la 20 pa 100 la nthawi kuti ana aphunzire za kwawo. Vuto limene mphunzitsi aliyense wa Chinyanja amalidziwa ndi kuchepa kwa zowerenga, makamaka za mbiri. Mphunzitsi wa ku Lifidzi akafuna nkhani ya makolo m'chilankhulo cha ana ake, maso ake amapita ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene mabuku a Chichewa amapezeka. Nkhani ya Johnston imene imayenda mofala kumeneko ndi yaifupi: adabwera, adathetsa ukapolo, adakhazikitsa boma ku Zomba. Muzu wa nkhani yaifupiyo ndi buku limeneli, choncho asanaimasulire kapena kuilemba pa bolodi, ndi bwino kuona amene adaiyambitsa ndi chimene ankafuna.

Henry Hamilton Johnston adabadwira ku London pa 12 June 1858. Adaphunzira zojambulajambula ku Royal Academy, ndipo luso limenelo ndi limene lidamutsegulira njira ya ku Africa. Mu 1882 anali kum'mwera kwa Angola, chaka chotsatira adakumana ndi Henry Morton Stanley ku Congo, mu 1884 adatsogolera ulendo wa ofufuza zomera ku phiri la Kilimanjaro. Kumeneko adabwerako ndi masamba ouma a zomera pamodzi ndi mapepala a mapangano a malo amene adapangana ndi mafumu. Zinthu ziwirizi, kusonkhanitsa za chilengedwe ndi kusonkhanitsa maiko, zidayendera limodzi moyo wake wonse. Mu 1887, ali wachiwiri kwa kazembe kumtunda wa nyanja ya ku Nigeria, adaitana mfumu Jaja ya ku Opobo ku msonkhano atailonjeza kuti ibwerera mwamtendere. Jaja adagwidwa, adakazengedwa mlandu ku Accra, nathamangitsidwira ku zilumba za West Indies. Johnston anali ndi zaka 29. Amene akudziwa za Jaja amawerenga mosamala kwambiri pamene Johnston akusimba za mapangano ake ndi mafumu a m'mbali mwa Shire ndi nyanja.

Chaka chimene chimakhudza Lifidzi kwambiri ndi 1889. Kumayambiriro kwa chakacho boma la Lord Salisbury lidamutuma ku Lisbon kukakambirana ndi Apwitikizi za malire a pakati pa Africa. Apwitikizi anali ndi mapu awo otchuka a mtundu wa pinki, olumikiza Angola ndi Mozambique. Johnston adabwerako ndi pangano losasainidwa limene likadasiya mapiri a Shire m'manja mwa Portugal, posinthana ndi njira ya Angerezi yolowera kumpoto. Mipingo ya ku Scotland, imene inali ndi mishoni ku Blantyre kuyambira 1876, idakana kwamtuwagalu, ndipo Salisbury adalitaya panganolo. Nkhani yaifupi ija siitchula zimenezi, koma kwa mwana wa ku Angónia apa ndiye pali phunziro. Munthu amene amakumbukiridwa kuti adapulumutsa Blantyre kwa Apwitikizi anali wokonzeka kuipereka miyezi ingapo m'mbuyomo. Zikadatero, bwenzi ana a ku Blantyre lero akulimbana ndi mawu a Chipwitikizi monga anzawo a ku Ulónguè.

Chaka chomwecho adamuika kukhala kazembe wa Britain ku Mozambique. Adalowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, nakwera Shire, ndipo kufupi ndi mathiriro a Ruo adakumana ndi Serpa Pinto, amene anali ndi gulu la asilikali. Adamuchenjeza kuti asapitirire, iye n'kupitiriza ulendo wa kumpoto. John Buchanan, mlimi wa khofi wa ku Zomba amene ankagwirizira ukazembe, adalengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili m'chitetezo cha Britain. Mu November asilikali a Serpa Pinto adamenyana ndi Amakololo, ndipo pa 11 January 1890 Britain idalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake. M'mabuku a Chipwitikizi tsikuli ndi la manyazi a Portugal, m'mabuku a Chingerezi ndi tsiku la chipambano. Amang'anja amene midzi yawo inali pakati pa nkhondoyo amangoonekera patali m'mabuku onse awiri.

Pangano la pa 11 June 1891 lidasainidwa ku Lisbon ndi akazembe, Johnston sadagwire cholembera, koma mapangano amene iye ndi Alfred Sharpe adatolera kwa mafumu ndiwo adapatsa Britain poimira. Kumapiri a kuno malire adatsata msana wa dziko, pamene madzi amagawikana: mvula yotsikira kum'mawa, kunyanja ndi ku Shire, ya Angerezi, yotsikira ku Zambezi, ya Apwitikizi. Pa mapu a ku Ulaya mzere wotere umaoneka wanzeru, poti suvuta kuupeza. Koma msana umenewu unali pakati penipeni pa dziko la Angoni a kwa Maseko, amene Chidyaonga adawakhazika pansi pa phiri la Domwe cha m'ma 1870 atabwerera kuchokera ku Songea. Mfumu Chikuse idamwalira m'chaka chomwecho cha 1891, dziko lake litagawidwa pa pepala limene sidalione. Lero msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire momwemo, moti pamsika wa Lizulu munthu amagula mbatata ya kachewere mbali ina ya msewu n'kukamwa tiyi m'dziko lina. Mapu a m'buku la Johnston amapaka utoto mbali imodzi ya mzerewo, ndipo chidwi cha mlembi chimathera pamene utotowo wathera. Wowerengera bukuli ku Lifidzi amadzipeza ali kunja kwa nkhani imene idakonza chilankhulo cha sukulu yake.

Mitu yosimba za kukhazikitsidwa kwa boma ndiyo yokoma kuwerenga, ndipo ndiyo yofuna maso awiri. Johnston ankadziwa kusimba. Nkhondo za pakati pa 1891 ndi 1895 amazifotokoza mwaluso: mabwato pa nyanja, malinga a mafumu, imfa ya Captain Cecil Maguire m'manja mwa anthu a Makanjira mu December 1891, kugonja kwa asilikali ake kwa Jalasi chaka chotsatira, mpaka kugwa kwa linga la Mlozi ku Karonga ndi kupachikidwa kwake mu December 1895. Sabisa kuti nthawi zina adathawa. Ndipo chimene akunena za ukapolo ndi choona. Makanjira, Mponda, Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi ankagulitsa anthu, ndipo midzi yambiri ya Achewa, Amang'anja ndi Ankhonde idatha ndi malondawo. Mphunzitsi amene angachotse mfundo imeneyi pofuna kuipitsa mtsamunda adzakhala atanamiza ana.

Cholakwika cha bukuli chili pa kuika nkhondo zonse m'dengu limodzi lolembedwa kuti ukapolo. Nkhondo yake yoyamba, mu 1891, idali ya kwa Chikumbu ku Mulanje, mfumu imene idakangana ndi azungu olima khofi. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma adaukira Mwase Kasungu, mfumu ya Achewa imene idakana kugonjera ulamuliro watsopano, ndipo idasankha kudzipha m'malo mogwidwa. Mfumu imene idagulitsa anthu koma n'kulandira mbendera, monga Jumbe, idapatsidwa malipiro. Mfumu imene idakana mbendera kapena msonkho idaona moto pamudzi pake. Chimene chinkasiyanitsa mnzake wa boma ndi mdani wake chinali kugonjera. Amishoni a ku Blantyre, David Clement Scott ndi Alexander Hetherwick, adaona zimenezi nthawi yomweyo ndipo adamudzudzula poyera m'magazini awo, moti udani wa pakati pa Zomba ndi Blantyre udamveka mpaka ku London. Kudzudzula Johnston sikudayambe ndi akatswiri a masiku ano, kudayamba ndi azungu anzake amene ankamva Chimang'anja ndi kumva zimene anthu ankadandaula.

Nanga ndalama ndi mfuti zinkachokera kuti? Zaka zoyambazo boma la Johnston linkadalira mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Asilikali oyamba anali Amwenye pafupifupi 70 ochokera ku India, ndipo pambuyo pake adaonjezera Amakua olembedwa ku Mozambique ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja. Ndalama za Rhodes sizinkakwana, choncho padabwera msonkho, poyamba mashereni 6, kenaka mu 1894 mashereni 3 pa nyumba. Munthu wa pamudzi analibe ndalama ya Angerezi, ndipo njira yoipezera inali kukagwira ntchito kwa mzungu kapena kunyamula katundu wa mtengatenga. Kuyambira 1892 Johnston adayamba kupereka zikalata zovomereza malo amene azungu ankati adagula kwa mafumu, ena ndi nsalu ndi mikanda. Adakana zina, adachepetsa zina, ndipo m'zikalata zambiri adaikamo mawu oteteza midzi imene inalipo kale, ziyenera kunenedwa. Komabe maekala oposa 3 miliyoni ndi theka adachoka m'manja mwa eni ake, ndipo pa minda ya m'mapiri a Shire padamera thangata, limene Alomwe othawa ku Mozambique adalipeza likuwadikira, ndi limene lidakolezera kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Johnston sadabise maganizo ake pa za tsogolo la dzikolo. Ankaona azungu akulamulira, Amwenye akutukula malonda, anthu akuda akugwira ntchito, ndipo adasankha mitundu itatu, yoyera, yachikasu ndi yakuda, kukhala chizindikiro cha boma lake. Ankaikonda mitunduyi mpaka kuivalitsa asilikali.

Zotsatira za msonkho zidafika kwa Maseko Johnston atachoka kale. Adanyamuka mu 1896 atafooka ndi malungo, Sharpe n'kutsala pa mpando. Gomani, mwana wa Chikuse, atatha zaka akulimbana ndi Kachindamoto, adaona anthu ake akupereka msonkho ku boma ndi kupita kukagwira ntchito kwa azungu popanda chilolezo chake. Mu October 1896 ankhondo ake adaukira midzi yoyandikana ndi mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole. Boma lidatumiza asilikali, Gomani adagwidwa, ndipo pa 27 October adaphedwa. Manda ake ali ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, kumene Angoni amasonkhana chaka ndi chaka. Mbali ya Angónia idatsala ndi mafumu ake, monga a Zintambira, pansi pa Apwitikizi, ndi msonkho wawo ndi chibalo chawo. Anthu adaphunzira msanga kugwiritsa ntchito mzere wa 1891: chibalo chikavuta kuno ankasamukira ku Ntcheu, ndipo mu 1953, pamene Gomani wachiwiri adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adathawira mbali ya Apwitikizi, amene adamubweza kwa Angerezi. Mbiri imeneyi ili m'nyumba za ana a m'kalasi, mwa agogo awo.

Pali msampha wina umene mphunzitsi wokwiya ndi Johnston angagweremo, wochotsa ngwazi ya Chingerezi n'kuikapo ya Chingoni mosafunsa mafunso. M'kalasi ya ku Lifidzi muli zidzukulu za ankhondo a Chikuse, mulinso zidzukulu za Achewa amene adathawira pamwamba pa mapiri kapena kugwidwa ndi ankhondowo. Ambiri ndi zidzukulu za onse awiri. Mu 1884 ankhondo a Chikuse adafika mpaka kufupi ndi Blantyre akutentha midzi. Ngakhale chilankhulo cha m'kalasimo ndi mboni: Angoni adagonjetsa ndi nthungo, koma ana awo adakula akulankhula Chinyanja cha amayi awo ogwidwa, Chingoni n'kutsalira m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo ndi m'mawu a pamaliro. Nkhani yonena zoona za Johnston iyenera kunenanso zoona za Chikuse.

Kwa anthu a maphunziro a zilankhulo, mutu wa zilankhulo ndiwo wodabwitsa. Johnston anali ndi khutu. Adasonkhanitsa mindandanda ya mawu a zilankhulo zambiri za m'derali, naziika moyandikana kuti kufanana kwake kuoneke, ndipo ntchitoyo adaipitiriza mpaka kukalamba, pamene adatulutsa mabuku awiri aakulu ofananitsa zilankhulo za Chibantu mu 1919 ndi 1922. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ana kuti Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena ndi pachibale angapindule ndi njira imeneyi, ngakhale kalembedwe ka mawu ake n'kakale. Koma mindandandayo idakonzedwa monga adakonzera mayina a zomera ndi mbalame m'mitu yoyandikana nayo. Mawu ali pa mzere, aliwonse m'kabokosi kake, olankhula ake osamveka akutsutsa kapena kufunsa. Dikishonale ya Chimang'anja imene David Clement Scott adatulutsa mu 1892 imasiyana nayo kutali. Scott ankatenga liwu n'kulitsata m'ziganizo, m'miyambi, m'milandu ya pabwalo, chifukwa ankakhulupirira kuti chilankhulocho chingathe kusenza nzeru zilizonse. Awiriwa ankadziwana ndipo sankamwerana madzi. Kusiyana kwawo kudakalipo m'makalasi a lero: pali sukulu zimene Chinyanja chimalowamo ngati mndandanda wa mawu woti mwana adutsirepo msanga kupita ku Chipwitikizi, ndipo pali zimene mwana amaloledwa kuganiza, kutsutsa ndi kulemba m'Chinyanjamo.

Mutu wa anthu ndi miyambo yawo ndiwo wovuta kuupirira. Muli zambiri zimene adaziona bwino, za kamangidwe ka nyumba, kusula zitsulo, kuumba mbiya ndi ulimi, ndipo zojambula zake za zida ndi zipangizo n'zothandiza kwa aliyense wofufuza za nthawi imeneyo. Koma zonsezo zidakulungidwa m'maganizo a nthawi yake oika mitundu ya anthu pa makwerero, mzungu pamwamba. Amafotokoza matupi ndi makhalidwe a anthu akuda ndi mawu omwewo amene adafotokozera nyama m'mutu wapitawo. Masamba amenewa sangapatsidwe kwa ana a pulayimale. Kwa ophunzira zauphunzitsi ndi othandiza, poti amaonetsa poyera kuti munthu angathe kudziwa mawu mazanamazana a chilankhulo cha anthu n'kumawaonabe eni ake ngati ana.

Atachoka ku Zomba adakagwira ntchito ku Tunis, kenaka ku Uganda kuyambira 1899, kumene pangano lake la 1900 ndi akuluakulu a Buganda lidagawa malo monga adachitira kuno, ndi kumene adathandiza kudziwitsa asayansi a ku Ulaya za nyama ya okapi, imene dzina lake la Chilatini limatchula iye. Adalemba mabuku ambiri, pakati pake mbiri ya moyo wake, The Story of My Life, ya 1923, ndipo adamwalira pa 31 July 1927. Dzina la Fort Johnston lidakhalapo mpaka Malawi italisintha kukhala Mangochi. Wofuna kumuyeza ndi muyeso wa anthu ena angawerenge buku la Roland Oliver la 1957, Sir Harry Johnston and the Scramble for Africa, limene limamumvera chifundo koma lidafufuza m'zikalata za boma, ndi A History of Malawi la John McCracken la 2012, limene limabweza mafumu ndi anthu wamba pakati pa nkhani. Onse awiri ali m'Chingerezi, chilankhulo chimene aphunzitsi ambiri a ku Angónia sadaphunzire nacho, ndipo ichinso ndi chipatso cha mzere wa 1891.

Zikatere, nkhani yowerenga ya Chinyanja ya kalasi 6 singakhale kumasulira kwa mbiri yaifupi ya ku Malawi, kapena ya buku la Chipwitikizi limene limangodziwa Serpa Pinto ndi tsiku la 11 January. Iyenera kulembedwa mwatsopano, poyambira pamene ana ali. Johnston alowemo monga mmodzi wa mboni pa mlandu wa malire, mboni yodziwa zambiri imene inalinso ndi gawo pa mlanduwo, ndipo ana a kumudzi amadziwa kale mmene mfumu imamvetsera mboni yotere. Zipangizo zake zilipo: mapu amodzi oonetsa Domwe, Lifidzi, Ulónguè, Dedza, Lizulu ndi Nkolimbo popanda mzere wa malire, ndi ena okhala ndi mzerewo, zaka zitatu zokha, 1889, 1891 ndi 1896, ndi ntchito ya kunyumba yofunsa agogo kuti ndi abale angati amene ali tsidya la msewu, adapitako liti, ndipo ankathawa chiyani. Mayankho a agogowo alembedwe m'Chinyanja, awerengedwe m'kalasi, ndipo pa phunziro la Chipwitikizi ana omwewo awafotokozere mphunzitsi m'chilankhulo chachiwiricho.